Pakamwa pa Kambuku

Chibwerere kuno kumudzi, aliyense wondifunsa za ku Amereka amafuna ndimuuze za nyumba zosanjikizana ndi za nyumba yoyera ija ya pulezidenti. Ndimawagwiritsa mwala. Nyumba yoyerayo ndinangoionera patali, ndili m'basi, ndikusinza. Amereka amene ndikumudziwa ine ndi kanyumba ka njerwa zofiira ku Manassas, pamsewu wopanda munthu woyenda pansi, ndi nkhalamba ya ku Tchaina ya mtima wapachala, a Cheni.

Mng'ono wanga amati ndinabwerako nditasokonekera, chifukwa nkhani zanga zonse zimathera pa kambuku. Iyeyo ndiye anandilerera ana. Ndinawasiya akuvala yunifomu ya kupulaimale, ndawapeza ali ndi mabanja awo. Zimene ndinkatumiza zinawaphunzitsa, zinafoleranso nyumba ndi malata, koma mwana saleredwa pa foni. Amandigwadira, amandipatsa mpando wabwino, kenako nkhani zawo zenizeni amakanong'oneza mayi awo aang'ono kukhitchini. Zimandipweteka, sindibisa. Koma sindikakamiza. Mwana wanga wamkazi wayamba kumabwera yekha masana, kudzakhala nane pakhonde osanena kanthu, ine n'kumangomusiya. Kudikira kotereku sindinabadwe nako, amene akundidziwa angakuuzeni.

Ndinachoka bambo a anawa atamwalira, zinthu zitathina. Msuweni wanga, amene ankagwira ntchito ku banki ina yaikulu mu Washington, anandiitana kuti ndikamulerere khanda. Pabwalo la ndege ana anga sanalire, maso awo anali pa ndege. Ndinalira ndine, njira yonse, mpaka mayi wina wachilendo amene tinakhala moyandikana anandipatsa switi ngati mwana.

Khanda lija litakula n'kuyamba sukulu, ntchito inatha, ngakhale panalibe amene ananena mawu amenewo poyera. Ndinasamukira ku Columbia Heights, m'chipinda cha pansi pa nyumba, momwe tinkakhala azimayi okhaokha, onse osamalira okalamba. Kazenera kake kanali m'mwamba, koonetsa nsapato za anthu odutsa. Pabedi tinkagona mosinthana, wina akamafika kuchokera ku ntchito wina akudzuka, moti bulangeti silinkazizira. M'nyengo yozizira mapaipi ankalira, zovala osauma, tonse tikununkha mafuta opaka msana. Koma m'chipinda chimenecho ndinasekamo kuposa kwina kulikonse. Aliyense ankabwera ndi nkhani ya nkhalamba yake, n'kuisewera pakati pathu, mayendedwe ndi kutsokomola komwe.

Mkulu wathu anali amake Mwila, mayi wa ku Lusaka wa mawu ngati a bambo. Ndi amene anandikokera ku maphunziro a ntchitoyi, kundiphunzitsa kunyamula munthu wamkulu osathyoka msana, ndi kumwetulira wina akukutukwana. Chachiwirichi ndinalephera. Ndi iwonso amene anandipezera a Cheni, omwe anali atathamangitsa kale anzathu angapo.

"Iwe uzakwanisa chabe," anatero amake Mwila. "Mudala uja afuna muntu wa pakamwa monga iwe. Ukakangiwa ubwele, bed yako iliko."

Ndinakwera sitima ndi kachikwama kanga. A Cheni anali mphunzitsi wa masamu wopuma, akazi awo atamwalira kale. Ankayenda ndi ndodo, mtima wawo unali wofooka, koma mutu ndi Chingerezi zinali zakuthwa. Ine anandipatsa kachipinda koyandikana ndi khitchini. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Heleni, ankagwira ntchito ku makhoti ku Upper Marlboro, ndipo ankakhala komweko, kutali. Poyamba lilime linkakana kumutchula dzina lokhalokha munthu wondilemba ntchito, koma iye anaumirira, ndinazolowera.

Heleni ankabwera Lamlungu kuti ine ndipite kutchalitchi. Tchalitchi chathu chinali cha Amalawi ndi a ku Zambia, akuluakulu a ku mabanki ndi a ku ukazembe kutsogolo, ife osambitsa nkhalamba chakumbuyo, koma poimba tinkawaposa. Ana a kumeneko ukawafunsa kuti uli bwanji amamva ndithu, n'kuyankha m'Chingerezi. Heleni analinso chimodzimodzi. Anabadwira konko, ndipo bambo ake akalankhula Chitchaina ankamva mwa apo ndi apo, n'kuyankha m'Chingerezi. Ndikabwerako madzulo ndinkawapeza atakhala motalikirana, wina pa nyuzipepala, wina pa foni, ngati anthu odikira basi.

Masiku oyamba ndinkakolopa nyumba ndi mphamvu zanga zonse kuti andione. A Cheni ankabwera pambuyo panga ndi ndodo yawo, kusuzumira m'makona, n'kunena kuti "mamahuhu". Ndiphike phala la mpunga, alawe, "mamahuhu". Ndiyale bedi, "mamahuhu". Ine m'mutu mwanga ndinati nkhalambayi yandikonda, ikunditcha mama, huhuyo ndi wongokometsera. Ndinkawerama pang'ono n'kumati zikomo agogo. Tsiku lina anandifunsa m'Chingerezi chawo cha m'kalasi chifukwa chimene ndinkathokozera. Nditawauza, anakhala pampando n'kundifotokozera bwinobwino ngati akuwerengetsa samu. Ma ndi hatchi, hu ndi kambuku. Hatchi hatchi, kambuku kambuku, ndiye kuti chinthu chosadziwika ngati ndi hatchi kapena kambuku, ntchito yogwira mwachisawawa, ya bola yatha.

Ndinapsa mtima. Ine, amene kwathu simenti ndinkaipukuta mpaka munthu kudzionera nkhope. Ndinaponya mopu pansi n'kuwalalatira m'Chichewa chenicheni cha ku Ntcheu, chala chili m'mwamba. Ndinkadziwa kuti ntchito yatha, ndinati bola ndinene zithe. Iwo anangondiyang'ana, kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ankaseka. Anati kwawo mkazi wa pakamwa potero amamutcha kambuku wamkazi, ndipo akazi awo analinso otero. Kuyambira tsiku limenelo ndinali wa m'nyumba.

Ndinadzaona kuti anthu aja kambuku sachoka pakamwa pawo. Khanda lonenepa, lamphamvu, akuti lili ndi mutu wa kambuku. Ntchito yoyamba ndi mphamvu n'kumaliza mwaulesi akuti ili ndi mutu wa kambuku koma mchira wa njoka, ndipo amenewo anali mawu awo pa kusita kwanga, poti malaya oyamba ndinkawasita bwino kuposa omaliza. Munthu woopseza koma wopanda kanthu, akuti kambuku wa pepala. Amenewa ndinawaloweza msanga, moti akayamba kukalipa za mchere ndinkangowanena, iwo n'kumenya ndodo pansi monamizira kukwiya. Pabalaza panali chithunzi cha nyamayo, ndipo tinkakangana za chithunzicho pafupipafupi. Ine ndinkati kambuku weniweni ndi wa mawangamawanga, amene ankatha mbuzi kuphiri kwathu, uyu wa mizeremizereyu ndi mphaka wovala pijama. Iwo ankati wathuyo kwa wawo ndi kamwana. Pobwezera ndinawaphunzitsako Chichewa: zikomo, tiyeni, basi. Mwa onsewa anakonda liwu loti basi, ndipo ankalinena ndikangotsegula botolo la mankhwala.

Kuseri kwa nyumba kunali kadimba ka akazi awo, ka anyezi wamasamba ndi nyemba zitalizitali zoyanga pa waya. Iwo ankakhala pa kampando n'kumandilamula pothirira, ngati kuti ine khasu ndinalionera ku Amereka. Tsiku lina tili kumeneko anandiuza kuti akazi awo anamwalirira m'chipinda choyang'ana kudimbako, ndipo nawonso akufuna chimodzimodzi. Anati akudziwa kuti Heleni wayamba kufunsafunsa za nyumba zosungirako okalamba. Ndinawaseka kuti ine ndine wantchito chabe, za m'banja lawo ndilibe nazo mawu. Iwo sanaseke.

"Muno wa pakamwa ndiwe," anatero. "Tsiku limenelo udzandilankhulire."

Ndinavomera mwachibwana, ndikufinya paipi ya madzi.

Sitiroko inawagwira m'mawa, tili patebulo. Supuni inagwa, mbali imodzi ya nkhope inatsetsereka. Potuluka m'chipatala anabwera pa njinga ya olumala, dzanja ndi mwendo wamanja zitafa, mlomo utapindika. Chingerezi chonse chinali chitapita ngati sanachilankhulepo. Madokotala anati zimachitika, munthu amatha kutsala ndi chilankhulo cha paubwana chokha. Nachonso Chitchainacho chinkatuluka chodukaduka, moti Heleni ankangotolapo liwu apa, liwu apo. Kulemba sakanatha, poti dzanja lolembera ndi lomwe linafalo.

Ntchito inakula. Kusambitsa, kutembenuza, kudyetsa, kupukuta malovu, kuchapa zofunda tsiku ndi tsiku. Msana unkawawa, manja anang'ambika ndi sopo, ndipo ana akaimba foni ndinkayankha ndikupuma mwawefuwefu, iwo n'kumaganiza kuti ndilibe nawo nthawi. Koma ntchito yotere sinandiopse, ndinali nditaizolowera. Chimene chinandithetsa nzeru chinayamba pambuyo pake.

Makamaka akatha kudya, a Cheni ankachita tsinya, n'kutambasula dzanja lamanzere, lamoyo lija, chala chamkombaphala kutsogolo, chachikulu m'mwamba, n'kumati "huko, huko". Khutu langa linamva "uko". Nanga likanamva chiyani? Munthu watambasula chala, akuti uko. Ndiponso mawu amenewo ine ndinkawanena tsiku lonse m'nyumbamo, tiyeni uko, takhalani uko. Ndinasangalala mpaka kuimbira amake Mwila, kuwanyadira kuti sitiroko yafufuta Chingerezi cha aphunzitsi koma Chichewa changa yachilephera.

Ndiye ndinayamba kutsatira chala. Chikaloza kuzenera, ndinkatsegula zenera. "Huko." Ndiwakankhire kukhitchini. "Huko." Kuchimbudzi, kudimba, kuchipinda, kubwereranso pabalaza. Ndinabweretsa wailesi, magalasi, nsapato, chithunzi cha akazi awo. Ndinasuntha sofa kuti mwina kwagwera kanthu kuseri. Chilichonse chimene ndinkabweretsa ankachikankha. Ndinayesa foni, ija yomasulira zilankhulo, koma mlomo wopindika foni siumva, inkangondiuza zopanda mutu. Amake Mwila anabwera tsiku lina kudzaona okha, anaima patsogolo pawo atagwira m'chiuno, n'kugamula kuti madala akuona akazi awo akuwakodola kutsidya, ndingokonzeka. Sindinagwirizane nazo. Munthu amene akuona mkazi wake sakwiya chotero.

Pakuti anayamba kukwiya zenizeni. Ankagenda makapu, kudzimenya ndi chibakera kumutu ndi kutsaya, kubangula mpaka mawu kusasa. Tsiku lina anandiponyera mbale ya phala, nanenso ndinaphulika.

"Uko kuti nanga, agogo? Nyumba yonse ndazungulira nanu. Uko n'kuti?"

Anandiyang'ana ndi maso ofiira, dzanja lili chitambasulire. Ndinakhala pansi pomwepo, phala lili pamalaya, n'kulira. Ndinkawamvera chisoni, ndinkawakwiyiranso, zonse pamodzi.

Lamlungu lina Heleni anadzimvera yekha. Nditamuuza zoti bambo ake akulankhula Chichewa anapukusa mutu. Anati mawuwo ndi a Chitchaina ndipo akuwadziwa, ndi dzina la chikalata cha boma cha kwawo, cholembapo kumene banja lililonse limachokera. Bambo ake anachoka ku Tchaina iye asanabadwe, chikalatacho chinatha ntchito kalekale. Ngati akuchilirira lero, ndiye kuti mutu wabwerera m'mbuyo, sakudziwanso kumene ali. Ananena zimenezi ataima pakhomo la khitchini. Sanali woipa mtima Heleni, anali wotopa ndi wamantha.

Anawatengera kwa dokotala. Womasulira wa kuchipatala, amene ankalankhula pa foni, anamvanso chikalata chomwecho. Dokotala anapereka mapiritsi owakhazika mtima pansi, ndipo anawakhazikadi. Ankangogona, mutu utapendekeka, malovu akutsika. Akatsitsimuka, dzanja lomwe lija. Atamukanda Heleni pamkono mpaka kutuluka magazi, nkhani inatha. Heleni anawapezera malo kunyumba ina yosungirako okalamba, kuchigawo cha osokonezeka mutu, chokhoma zitseko. Ine anandiuza mwaulemu kuti ntchito yatha, nati adzandinenera zabwino kwa ena ofuna wantchito.

Ndinayesa kuwalankhulira monga anandipempha kudimba kuja. Pakamwa ndinali napo, koma chonena ndinalibe. Ndinati bambo anu sanapenge, maso awo ndimawadziwa. Heleni anandifunsa ngati ndikudziwa chimene akufuna. Ndinavomera kuti sindikudziwa. Kutchalitchi azimayi anandipempherera, amake Mwila anandikumbutsa kuti bedi ilipo. Za bedi sindinkada nazo nkhawa kwenikweni. Chinkandidya n'choti munthu amene ankasuzumira fumbi m'makona akatsekeredwe pakati pa anthu osamudziwa, sutikesi yake nditalongedza ndine ndi manja angawa.

Tsiku losamuka Heleni anafika m'mawa. Galimoto ya kunyumbako inali yoti ibwera chakumadzulo. Heleni anati bambo ake asamwe mapiritsi aja tsikulo, atsanzikane ndi nyumba yawo ali maso. Sutikesi inali kale pakhomo. Ine ndinalephera kukhala pansi, ndinati ndikagule nsomba, adye komaliza chimene amakonda.

Ndinkagula ku golosale ina ya Matchaina, imene ndinkaikonderanso mpiru ndi tinsomba touma tofanana ndi usipa. Pa nsomba pankagulitsa mayi wina wamfupi wa epuloni ya pulasitiki, a Lini. Chingerezi chawo ndi changa zinali zolingana, moti tinkamvana kwambiri ndi manja, ndipo ankandisungira mitu ya nsomba. Anandifunsa za madala. Ndinawauza kuti akupita lero. Ndiye mukutidziwa ife, nkhani sitinena ndi pakamwa pokha. Ndinapinda mlomo, kugwetsa phewa, kutambasula dzanja monga ankachitira a Cheni, n'kumati "huko, huko" pakati pa golosale, anthu akundiyang'ana.

A Lini anayamba agwedeza mutu, nati chikalata. Ndinati eya, mwana wa a Cheni wateronso. Koma maso awo anali pa dzanja langa, limene ndinali ndisanatsitse. Anavula gulovu, kundigwira dzanjalo, n'kukanikiza ndi chala chawo pamnofu wa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Ululu wake unandifika mpaka kukhutu.

"Hukou," anatero pang'onopang'ono, ngati akuphunzitsa mwana.

Kenako ananena m'Chingerezi mawu awiri, kambuku ndi pakamwa. Anatsegula ndi kutseka zala ziwirizo pamaso panga, ndipo ndinaonadi kukamwa kukuyasama. Hu yemwe uja wa mamahuhu. Malo amenewa pa dzanja la munthu iwo amawatcha pakamwa pa kambuku. Dzina limeneli limasiyana ndi la chikalata chija pa kakwezedwe ka mawu pokha, monga ife timasiyanitsira mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, ndipo mlomo wopindika sungathe kusiyanitsa zimenezo. A Lini analoza mutu wawo, analoza tsaya, n'kundikanikizanso. Ndinamva kuti akuluakulu akwawo, mutu kapena dzino likamawawa, amakanikiza pamenepo. Kenako anakweza manja awo awiri, n'kubisa limodzi kumbuyo, akundifunsa ndi maso kuti munthu wa dzanja limodzi angadzikanikize bwanji.

Nthawi yonseyi a Cheni sankaloza kanthu, ankandipatsa dzanja.

Nsomba ndinaiiwala pasikelo, a Lini anachita kundithamangira nayo. Basi ya kumeneko imabwera ikafuna, ndipo tsiku limenelo inachedwa ngati yatumidwa. Ndili m'katimo mantha anandigwira. Ndinali nditalakwitsa kale ndi uko wanga, Heleni ndi chikalata chake, amake Mwila ndi akazi a kutsidya. Nanga a Lini akakhalanso olakwika? Ndinapemphera pemphero losalongosoka, nsomba ikudontha pamiyendo panga.

Ndinawapeza pabalaza, Heleni akuwaveka juzi, iwo akukana. Atandiona anatambasula dzanja, mawu atasasa moti ankangotulutsa mpweya. Ndinaika thumba pansi, ndinagwada patsogolo pawo, ndinalilandira dzanjalo ndi manja awiri monga timalandirira chinthu kwa wamkulu, n'kukanikiza pomwe anandikanikiza a Lini. Thupi lawo lonse linauma. Ndinati ndalakwitsanso. Kenako anapuma mpweya wautali, mapewa anatsika, maso anatsinzina. Misozi inatsika mbali zonse ziwiri, ndi yakufa yomwe. Patapita kanthawi anakoka dzanja langa n'kuligunditsa patsaya lawo, chakumunsi kwa khutu.

Heleni anali chiimire, juzi ili m'manja. Ndinamufotokozera zonse mothamanga, Chingerezi chikugwa n'kudzuka. Anatchula mawu aja, awa a chikalata, awa a dzanja, akudzimvetsera yekha. Kenako anakhala pa mkono wa sofa. Anati amayi ake ankachita zimenezi bambo ake akabwera kusukulu mutu ukuwawa. Ankawagwira dzanja patebulo, kwinaku akukangana nkhani zina. Iye ankaziona kuyambira ali wamng'ono, ankangoti ndi mmene amagwirana makolo ake, ndipo sanafunsepo dzina lake.

"Bwera ugwire ndiwe," ndinatero.

Anati akuopa kuwapweteka. Ndikuganiza kuti ankaopanso kupwetekedwa, chilonda cha pamkono chinali chisanapole. Ndinamuuza kuti ine ndili ndi nsomba yoti ndipale, n'kuimirira, dzanja la bambo ake ndikuligwirabe m'mwamba kuti asowe pothawira. Anagwada, n'kugwira ngati akugwira dzira. A Cheni anatsegula diso limodzi n'kung'ung'udza kanthu. Heleni anaseka, misozi ili m'masaya, nati akuti akanikize ngati munthu amene wadya. Ndiye anawayankha m'Chitchaina, mawu ochepa ochita kufunafuna. Ndinali ndisanamumvepo akulankhula chilankhulo cha bambo ake.

Galimoto itafika ndinali kukhitchini, mpeni m'manja, khutu lili pabalaza. Heleni anatuluka. Ndinamuonera pazenera akulankhula ndi anthu a yunifomu, akuwaonetsa dzanja lake, akuloza tsaya, akupepesa. Anakhalitsa panjapo, ine nsomba ndikuipala mbali imodzimodzi. Pamapeto pake galimotoyo inabwerera momwe inabwerera, yopanda wodwala.

Polowa Heleni sanandilonjeze kanthu. Anati tiyambe taonana ndi dokotala wa mano, tione mmene zikhalire, ndipo bambo ake akadzavulazanso munthu sadzachitira mwina. Ndinavomera, poti ankanena zoona. Zinadzapezeka kuti dzino la m'kati linali litang'aluka n'kuola, ndipo atalizula makapu anasiya kuuluka. Chingerezi sichinabwererenso, kuyenda sanayendenso, koma ukali wa pa mchere unabwerera wonse. Anakhala m'nyumba yawo mpaka tsiku lawo, m'chipinda chimene ankafuna, Heleni ali pambali. Ine ndinanyamuka kubwera kuno maliro atatha.

Koma zonsezo zinali zam'tsogolo, tsikulo palibe ankazidziwa. Chimene ndinaona ine ndi Heleni akuvula jekete, kulipachika kuseri kwa chitseko, n'kukoka sutikesi kubwerera nayo kuchipinda. Ndinati ndimuthandize, anakana. Ndinkamumva akutsegula madirowa, akufunsa bambo ake mokweza kuti masokosi amakhala pati, iwo akuyankha zosamveka kuchokera pabalaza. Kenako anasuzumira kukhitchini n'kundifunsa ngati nsombayo ingakwane. Ndinati ikwana. Ndinatsegula thumba la mpunga, ndipo kwa nthawi yoyamba chilowere m'nyumba muja ndinayeza wa anthu atatu.